Muvi Woloza Golosale ya Amalume

MUTU 6

1. Makina ofunda nsalu

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1988, Lukiya Aufi anali atamaliza mayeso a Fomu 4 ndipo ankadikira zotsatira. Anzake ambiri ankangokhala pakhomo, ena ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Zomba–Liwonde. Iye anapeza ntchito yongogwirizira.

Kampani ina yoyeza ndi kumanga misewu inachita lendi nyumba ya njerwa pafupi ndi msewu waukulu ku Domasi. Inabwera kudzayeza msewu watsopano wochokera kumidzi ya kumtunda kwa Malemia, m'tsinde mwa phiri, kutsikira kumsewu wa tala. Msewuwo unali woti muzidutsa malole a matabwa komanso magalimoto onyamula odwala kupita nawo kuchipatala cha ku Malosa. Mkulu wa ntchitoyo anali a Makaiko, injiniya wa imvi, wosakonda kuseka pantchito. Iwo anakafunsa kusukulu ngati kunali mwana wodziwa masamu ndi kutaipa, ndipo aphunzitsi anatchula Lukiya.

M'chipinda chamkati mwa ofesiyo munali kompyuta. Inali ndi mabatani onga a taipilaita ndi galasi lakuda limene linkalemba zobiriwira. Ankaifunditsa nsalu yoyera kuopa fumbi, ndipo aliyense wolowamo ankavula nsapato pakhomo ngati akulowa mumzikiti.

Ntchito inkayenda motere. Anthu oyeza ankakhoma zikhomo kutchire motsata mmene msewu udzadutse, n'kulemba manambala osonyeza malo a chikhomo chilichonse. Lukiya ankataipa manambalawo. Kenaka makina ankalumikiza zikhomozo kukhala mzere umodzi pagalasi, n'kujambula timivi m'mbali mwake.

Tsiku loyamba a Makaiko anamukhazika pampando n'kumusonyeza timivito.

"Ukuona apa msewu wawongoka? Muvi palibe. Apa wakhota pang'ono, kamuvi n'kakafupi. Apa wakhota kwambiri, muvi watalika. Makinawa amatenga zikhomo zoyandikana n'kuwerengera kuti msewu ukupindika motani pamalopo, ndiponso ukupindikira mbali iti."

"Nanga bwanji mivi yonse ikuloza mkati mwa kona, bwana?" anafunsa Lukiya.

"Kwanu mumaweta mbuzi?"

"Eya, zilipo."

"Ukaimangirira pachikhomo imayenda mozungulira. Chingwe chimaikokera kuti?"

"Kuchikhomo."

"Basi, muvi ukuloza kuchikhomoko. Chingwe chikakhala chachitali, mbuzi imazungulira patali mosavutika, ndiye kuti muvi wake ndi waufupi. Chikakhala chachifupi, imangopotoloka pomwepo, muvi ndi wautali. Lole nayonso ndi mbuzi, kungoti ilibe chingwe. Chimene chimaigwira ndi matayala okha. Ikalowa pakona yothina itasenza matabwa, matayala amalephera, lole imapita kumene muvi wafulatira."

Anamuuzanso kuti muvi ukatalika kupyola malire, makina amaika kanyenyezi pambali pake. Malo a kanyenyezi sankavomerezedwa. Pamenepo msewu ankausunthira mkati mwa kona, kumene muvi waloza, kuti uwongokeko.

Atatha kufotokoza, a Makaiko anavula magalasi awo n'kumuyang'ana.

"Tsopano mvetsera, Lukiya, chifukwa izi sindidzabwerezanso. Anthu akaona makinawa amaganiza kuti ali ndi nzeru. Alibe. Sanapondepo kwa Malemia, sadziwa phiri, sadziwa matope a mu Januwale. Amakhulupirira chilichonse chimene zala zako zawauza. Ukawauza zoona, amakubwezera zoona. Ukawauza bodza, amalisambitsa, kuliveka jekete, n'kukupatsa losindikizidwa bwinobwino, ndipo aliyense amaligwadira poti latuluka m'makina. Ine ntchito ya misewu ndinaiyamba iwe usanabadwe. Ndinaonapo basi itagona chagada kunsi kwa kona, anthu akutola ana m'maudzu. Dalaivala anamangidwa, koma amene anajambula konayo anali kwawo akumwa tiyi. Ntchito yathu ndi yoopsa chifukwa tikalakwitsa, amene amafa ndi ena. Nambala ukaikayikira, funsa. Usaganizire, ndipo usakonze wekha."

"Ndamva, bwana," anatero Lukiya.

Anagwiradi ntchito mosamala, ndipo mwezi usanathe a Makaiko anasiya kumuimirira kumbuyo.

2. Kanyenyezi

Lachitatu lina a Makaiko anapita ku Blantyre kumsonkhano wa akuluakulu a kampani. Ananena kuti abwera Lachisanu mmawa, ndipo adzafuna kupeza chigawo chotsatira cha msewu chitasindikizidwa.

Masana a tsikulo Ramadhani, mkulu wa anthu oyeza, anabweretsa mapepala a chigawocho. Anawasiya patebulo, n'kumwa madzi, n'kubwerera kutchire.

Lukiya anataipa manambala onse n'kudina batani. Makina analira pang'ono monga mwa nthawi zonse, mzere unayamba kutsika pagalasi. Timivi tinali tatifupi mpaka pakati. Kenaka panatuluka muvi umodzi wautali kuposa yonse imene iye anaionapo, uli ndi kanyenyezi pambali.

Anayang'ana dzina la malowo papepala. Panali pa kamtsinje ka Namiyala, kwawo kwenikweni.

Malowo ankawadziwa ngati chikhatho chake. Njira imatsika kuchokera kuphiri, n'kukhotera kumanzere mwadzidzidzi. Kumanja kuli phompho, pansi pake miyala ndi madzi. Kumanzere, mkati mwenimweni mwa kona, kunali golosale ya amalume ake, Che Sumaili. Muviwo unkaloza golosaleyo.

Bambo ake a Lukiya anamwalira iye ali Sitandade 3. Che Sumaili, mlongo wawo wa mayi ake, ndiwo anawatenga onse awiri. Iwo anali atagwira ntchito m'migodi ku Joni, ndipo atabwerako anamanga golosale ya njerwa zootcha ndi denga la malata. Ankagulitsa sopo, mchere, palafini, machesi ndi usipa. Yunifolomu ya Lukiya, nsapato zake ndi zonse za kusekondale zinachokera pakauntala ya golosale imeneyo.

Lukiya anafananitsanso manambala a pagalasi ndi a papepala, imodziimodzi. Sanapeze cholakwika. Anazimitsa makina, kuwafunditsa nsalu, n'kuyamba ulendo wa kumudzi.

3. Mawu a amalume

Anapeza mayi ake, mai Abida, akusenda nandolo kuseri kwa golosale. Anakhala nawo pamphasa n'kuyamba kuwathandiza, ndipo posakhalitsa anawauza zimene anaona. Sanadziwe kuti zenera la golosale linali lotsegula.

Che Sumaili anatuluka akupukuta manja pansanza. Anali munthu wamtali, wotsimphina mwendo umodzi umene unaphwanyidwa ndi mwala kumgodi. Anakoka kampando n'kukhala.

"Bwerezanso, mwanangu. Ukuti muvi watani?"

Lukiya anafotokoza za muvi, za kanyenyezi, ndi zoti msewu udzasunthidwira mkati.

"Mkati mwake ndi muno?"

"Eya, amalume."

"Zikhomo zawo anakhoma kunja, m'mphepete mwa phompho. Ndinawaona ndi maso angawa. Ndinawapatsa ndi madzi akumwa."

"Zikhomozo adzazizula, amalume. Makina akana."

"Muvi umenewo wauona ndani?"

"Ine ndekha. Abwana abwera Lachisanu."

"Ndipo makinawo amauzidwa ndi ndani?"

Lukiya anaweramira m'lichero. Che Sumaili anayamba kulankhula mosakweza mawu.

"Lukiya, ine sindinapite kusukulu ngati iwe, koma dziko ndaliona. Anthu a misewu amabwera, amagwetsa, amapita. Adzakuuza kuti kuli chipukutamisozi. Pita ukafunse amene anagwetseredwa nyumba kumsewu waukulu uko kuti anadikira mpaka liti, ndipo chimene analandira chinamanga chiyani. Njerwa izi ndinaumba ndi mwendo umodzi. Malata awa ndi thukuta la pansi pa nthaka, kumene anzanga ena anatsala. Bambo ako atatisiya, abale awo anabwera kudzatenga njinga ndi wailesi, iwe sanakutenge. Amene anakutenga ndi golosale ino. Lero Mulungu waika mwana wa pakhomo pano patsogolo pa makina amenewo. Ukuganiza kuti zangochitika? Chibale ndi fupa, sichiwola. Abwana akowo mwezi wa mawa adzakhala ku Mangochi kapena ku Mulanje, dzina lako ataliiwala. Iwe udzatsala kuno, ndipo ukadzadutsa pano udzaona fumbi pamene panali nyumba imene inakulera. Anthu adzaloza chala n'kumati, mwana wophunzira uja ndi uyu. Sindikuti ukabe. Sindikuti ukaphe munthu. Madalaivala ali ndi maso ndi mabuleki, kona akaiona amachepetsa liwiro. Ndikungoti kamuvi kako ukafupikitse pang'ono. Basi."

"Achimwene, mwanayu musamuike pamoto," anatero mai Abida.

"Pamoto tili tonse, mlongo wanga. Golosale ikagwa, iwe udzadya chiyani?"

Nthawi ya swala ya magharibi, pemphero la polowa dzuwa, inali itayandikira. Che Sumaili ananyamuka, kuvala chisoti chawo, n'kulunjika kumzikiti.

Mai Abida anapitiriza kusenda. Patapita kanthawi analankhula osadzutsa mutu.

"Amalume ako si munthu woipa, ali ndi mantha. Munthu wamantha amapempha zimene sangapemphe mtima uli m'malo. Ine za mivi sindizidziwa, mwanangu. Chimene ndikudziwa n'chakuti phompho lija linadyapo ng'ombe, linadyapo ndi munthu wa njinga iwe uli wakhanda. Silisankha kuti uyu ndi wa kwa Sumaili, uyu ndi mlendo. Koma sindikuuza chochita. Amene akakhale pamakinapo ndiwe."

Lukiya anatenga ndowa n'kupita kumjigo.

4. Nambala imodzi

Lachinayi mmawa, pochoka, anapeza amalume ake ataima pakhomo pa golosale. Sananene kanthu za dzulo. Anangomupatsa mabanzi awiri okulunga m'pepala, chinthu chimene sankachita masiku ena.

Kuofesi kunalibe munthu kupatula mlonda amene ankawodzera pansi pa mtengo wa mango. Lukiya anavula nsapato, kuvundukula makina n'kuwayatsa. Muvi uja unali pomwepo ndi kanyenyezi kake.

Anayamba ndi ntchito zina. Anasesa chipinda, anasanja mapepala, anasongola mapensulo amene anali akuthwa kale. Dzuwa litakwera anabwerera pampando.

Anapeza nambala ya chikhomo cha pakati pa kona. Anaifufuta n'kulemba ina, yosunthira chikhomocho mkati pang'ono. Kutchire chikhomo chinali pomwe chinali, m'mphepete mwa phompho. Chinasuntha ndi cha pagalasi chokha.

Anadina batani.

Muvi wautali uja unafupika, kanyenyezi kanazimiririka. Koma pachikhomo chapamwamba ndi chapansi panatuluka mivi iwiri yatsopano, yaitali, iliyonse ndi kanyenyezi kake. Mzere unali utapindika ngati waya wopondedwa ndi ngolo. Makina ankawerengera kukhota poyerekeza chikhomo ndi zinzake, choncho chimodzi chikanama, zoyandikana nazo zinkachiulula.

Apa Lukiya akanatha kubwezeretsa nambala yoyamba ija. Pepala la Ramadhani linali pambali pa dzanja lake.

Sanatero. Anasintha chikhomo chapamwamba, kenaka chapansi. Tinyenyezi tinasamukira pazikhomo zotsatira. Anasinthanso zimenezo, pang'onopang'ono, akuwerengera papepala lapadera monga mmene ankachitira masamu m'kalasi. Masamu ankawadziwa, ndipo anamuthandiza. Pofika masana mzere unali utasalala kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Pa Namiyala panali timivi tatifupi tokhatokha, tondondozana bwino ngati mano a chipeso.

Chitseko chakunja chinalira. Anali Ramadhani, atabwera kudzatenga penti wa zikhomo. Anasuzumira pakhomo osalowa, poti anali ndi nsapato zamatope.

"Zikuyenda, achemwali?"

"Zikuyenda."

"Kona ya kwanu ija yatuluka bwanji? Ife poyeza timachita kugwirana malaya kuopa kugwera kunsi."

"Yatuluka bwino."

"Chabwino. Makina ndiwo adziwa," anatero Ramadhani, n'kumapita akuimba mluzu.

Lukiya anasunga ntchito yake padisiki n'kuisindikiza. Makina osindikizira anakhetsa pepala lalitali mpaka pansi. Iye analipinda bwino n'kuliika patebulo la a Makaiko. Mapepala a Ramadhani anawaika m'katoni momwe munkaikidwa mapepala otha ntchito. Pepala lowerengera lija analing'amba.

Mabanzi aja sanawadye. Anapatsa mlonda.

Madzulo atafika kumudzi, Che Sumaili anamuyang'ana ali pakauntala. Lukiya anagwedeza mutu kamodzi n'kudutsa. Kuseri anamva amalume ake akuitana ana a pafupi kuti adzalandire maswiti. Mai Abida sanafunse chilichonse, ndipo tsiku limenelo mayi ndi mwana anadya osalankhulana.

5. Cholembera chofiira

Lachisanu a Makaiko anafika ndi galimoto ya kampani fumbi lili mbuu. Anali otopa ndi osakondwa. Anapachika jekete pamsomali, kukhala pansi, n'kutambasula pepala lija. Lukiya anaima pambali manja ali kumbuyo.

Chala chawo chinatsika ndi mzere mpaka pa Namiyala. Pamenepo chinaima.

"Apa palibe kanyenyezi?"

"Palibe, bwana."

"Manambala unaonetsetsa?"

"Ndinaonetsetsa."

A Makaiko anavala magalasi n'kuweramira pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapumira m'mwamba n'kutsamira mpando.

"Malo amenewa amandisowetsa tulo. Poyenda pansi kona ija imaoneka yothina kwabasi. Kaya mwina chimanamiza maso ndi phompho lija. Ndinali n'takonzeka kukagogoda pagolosale ili pamenepo kukawauza eni ake kuti asamuke. Ntchito imeneyo ndimadana nayo. Ndiye kuti zikhomo zikhale momwe zilili."

Lukiya anaganiza kuti zinali zitatha. Anatembenuka kuti akayatse makina.

"Dikira," anatero a Makaiko. "Tandipatsa pulani yaikulu ija."

Lukiya anaitenga pashelefu n'kuitambasula. Inali pulani ya msewu wonse, yojambulidwa pamanja ntchito isanayambe. Pa Namiyala, kumbali ya phompho, panali mzere wokhuthala umene iye anali asanauonetsetsepo.

"Ichi ndi chipupa cha miyala ndi simenti," anatero a Makaiko. "Ndinachiika kuti galimoto ikaphonya kona izitsamira pamenepo. Dzulo ku Blantyre andipanikiza tsiku lonse kuti ntchitoyi yakula, ndichotse zimene zingachotsedwe. Ndinawakanira. Ndinati chipupa cha pa Namiyala sindichotsa pokhapokha makina atandiuza kuti kona ija ndi yofatsa. Ndiye taona, andiuza."

Anatsegula kabati n'kutulutsa cholembera chofiira. Anadula chipupa chija ndi mizere iwiri yopingasa, n'kusaina pambali. Anadulanso kachikwangwani kochenjeza madalaivala kamene kanajambulidwa kumtunda kwa kona.

"Simenti imeneyi ipite kumlatho umene tikumanga kumunsi. Lolemba thalakitala iyambe kusalaza pa Namiyala. Mvula isanagwe, malole a matabwa akhale akutsika."

Lukiya anayang'ana mizere yofiira ija. Inki inali isanaume.

"Wagwira ntchito yabwino," anapitiriza a Makaiko akupinda pulani. "Ndawauza akuluakulu za iwe. Kampani imatumiza achinyamata kukaphunzira zoyeza malo, ndipo sinatumizepo mtsikana. Zotsatira zako zikatuluka bwino, dzina lako ndidzalipereka ndine."

Anaika pulani m'chikwama n'kuitana dalaivala kuti akonzeke kupita nayo ku Zomba, kumene inkayenera kudindidwa tsiku lomwelo. Panja injini inalira.

"Bwana," anatero Lukiya.

"N'chiyani?"

"Pali chimene ndimafuna ndikuuzeni. Za pa Namiyala."

A Makaiko anaika chikwama patebulo, dzanja lili pomwepo.

Nthawi yomweyo panja panalira belu la njinga, kenaka mawu odziwika anati, "Odi kuno!" Pakhomo panaima Che Sumaili atavala mkanjo woyera wa tsiku la Lachisanu ndi chisoti chatsopano. M'khwapa anali atapanira tambala wamkulu wofiira, womangidwa miyendo ndi luzi. Nkhope yawo inali yowala.

"Pepani abwana, ndakusokonezani. Ine ndine Sumaili, malume wake wa mwanayu, mwini golosale ya pa Namiyala. Ndimapita kumzikiti, ndiye ndinati ndidzere kuno ndidzathokoze pomulemba ntchito mwana wathu. Kankhuku aka mukadyere ndiwo."

"Lowani, bambo, lowani," anatero a Makaiko akuimirira. "Mwafika bwino. Ndiye kuti golosale ija ndi yanu? Lukiya sanandiuzepo."

Anawapatsa mpando, kenaka anatembenukira kwa mtsikanayo. Panja dalaivala analiza hutala.

"Mwana wanuyu amati andiuze kanthu kokhudza kwanu komweko. Nena, Lukiya. Tikumva tonse awiri."